NORBERT WIENER: KATSWIRI AMENE ANACENJEZA ANTHU ZA MAKINA OGANIZA

Pa 18 March, 1964, kutangotsala miyezi 7 kuti dziko la Zambia lilandire ufulu wodzilamulira, mkulu wina wa ku America anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima mu mzinda wa Stockholm ku Sweden, kumene anapita paulendo wa zamaphunziro. Dzina lao linali Norbert Wiener, ndipo anali ndi zaka 69. M'midzi ya ku Vubwi, ku Katete ndi ku Sinda inali nyengo ya cimanga caciwisi, ndipo makutu a anthu anali pa nkhani za ufulu. Maliro a munthu wa masamu wa kutali sinali nkhani ya pabwalo.

Koma lero zinthu zimene mkuluyu anali kuzinena zafika m'matumba a anthu a m'midzi imeneyi. Lamya ya m'manja yasanduka banki, mlangizi ndi mnzake wa munthu woceza naye. Kuseri kwa zambiri za izi kuli makina amene amaphunzira ndi kugamula zinthu okha, amene pa Cingerezi amati artificial intelligence, kapena mwacidule AI, ndiko kuti nzeru za makina. A Wiener anali mmodzi wa anthu amene analambula njira ya makina otere. Analinso mmodzi wa oyamba kuimirira ndi kunena poyera kuti makinawo adzatha kupulumutsa anthu ndiponso kuwasautsa, malinga ndi amene awagwira ndi cimene awauza kucita.

MWANA WOKULIRA M'MABUKU

Norbert anabadwa pa 26 November, 1894, ku Columbia m'cigawo ca Missouri. Atate ake, a Leo Wiener, anacokera ku Bialystok, mzinda umene tsopano uli ku Poland, ndipo anali odziwa zilankhulo zambiri kotero kuti anakhala mphunzitsi pa yunivesite yochuka ya Harvard. Iwo anatsimikiza mtima kuphunzitsa mwana wao okha panyumba. Pausinkhu umene ana ena akali kusewera m'fumbi, Norbert anali atadziwa kale kuwerenga. Atafika zaka 8 maso ake anafooka, ndipo dotolo anamletsa kuwerenga kwa miyezi 6. Maphunziro sanaime ai: anali kumuwerengera mabuku iye namamvetsera, ndipo masamu anali kuwasova m'mutu.

Maphunziro amenewa anali ndi minga yake. Mwanayo akalakwa pang'ono, atate ake anali kumkalipira ndi mau olasa mtima mpaka kulira. Akakhoza, iwo anali kuuza anthu, ngakhale m'manyuzipepala, kuti mwana wao sanali wanzeru kuposa ena, koma kuti njira yao ya kaphunzitsidwe ndiyo inali yabwino. Motero kulakwa kunali kwa mwana, kukhoza kunali kwa atate. Bala limeneli silinapole msanga, ndipo atakula anafotokoza zonsezi m'buku la mbiri ya ubwana wake. Mwina ndi cifukwa cake munthu amene analeredwa monga cipangizo coyesera nzeru za wina anadana kwambiri ndi mcitidwe wosandutsa anthu zipangizo.

Mu 1906, ali ndi zaka 11, analowa koleji ya Tufts. Mu 1909 analandira digiri ya masamu, ndipo mu 1913, ali ndi zaka 18 zokha, analandira digiri ya udokotala ku Harvard. Anaoloka nyanja kukaphunzira kwa akatswiri Bertrand Russell ndi G. H. Hardy ku Cambridge ku England, ndiponso kwa David Hilbert ku Göttingen ku Germany. Atabwerera kwao anavutika kupeza pokhazikika. Anaphunzitsako pang'ono, anagwirako nchito m'fakitale ya zamagetsi, analembako nkhani m'nyuzipepala, ndipo mu 1918 anali kuwerengera asilikali kumene zipolopolo za mizinga zikagwera. Mu 1919 analembedwa nchito yophunzitsa masamu pa sukulu yaikulu ya zamisiri ya Massachusetts Institute of Technology, imene imadziwika kuti MIT, ndipo anakhala pomwepo moyo wao wonse. Mu 1926 anakwatira Margaret Engemann, ndipo anabereka ana akazi awiri.

NDEKE ZA NKHONDO NDI KHASU LA NG'OMBE

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ndiyo inatembenuza moyo wa a Wiener. Mu 1940 ndeke za Germany zinali kuponya mabomba pa mzinda wa London, ndipo oombera mizinga anali kulephera kuzigwetsa. Vuto linali lakuti cipolopolo cimatenga kanthawi kuti cifike m'mwamba, ndipo pofika cimapeza ndeke yasuntha kale. Mlenje aliyense adziwa kuti insa yothamanga saiponyera mkondo pamene ili, koma patsogolo pake, pamene idzakhala. A Wiener pamodzi ndi mmisiri wacinyamata Julian Bigelow anayamba kupanga makina oyang'ana njira imene ndeke yadzera ndi kulosera kumene ipita.

Makina aowo sanafike pogwiritsidwa nchito kunkhondo, pakuti ena opepukirapo anakwanira. Koma pa nchito imeneyi anatola cinthu coposa cimene anali kufuna. Anaona kuti makina angathe kupatsidwa colinga, n'kumayang'ana zotsatira za nchito yao, n'kumadzikonza okha akaphonya. Mlimi wogwira khasu la ng'ombe amacita cimodzimodzi: maso ake ali pa mzere, ukakhota kumanzere akankhira kumanja, akapitiriza abwezanso pang'ono, kufikira kumapeto kwa munda. Wochova njinga pa mseu wa miyala acitanso zomwezo osaganizako n'komwe.

Kuti atsimikize kuti thupi la munthu limatsata lamulo lomweli, anafunsa mnzao Arturo Rosenblueth, dotolo wa ku Mexico, ngati ilipo nthenda imene munthu pofuna kutola cinthu dzanja lake limapitirira uku ndi uku monga makina osokonekera. Dotoloyo anavomera kuti ilipo, ndipo imadza mbali ina ya ubongo ikavulala. Mu 1943 atatuwa analemba zimene anapeza. Mu 1948 a Wiener anatulutsa buku lochedwa Cybernetics. Dzinali analitenga ku liu la Cigiriki lotanthauza munthu woongolera ngalawa. Bukulo linali lodzala ndi masamu obvuta, komabe linagulidwa kwambiri ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, cifukwa linaonetsa kuti makina a m'tsogolo sadzangokhala ndi mphamvu monga ng'ombe, koma adzatenganso nchito zina za mutu.

KUKANA KUGULITSA NZERU

Mu August 1945 mabomba a atomu anapsereza mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan. A Wiener sanali pakati pa opanga mabombawo, koma anagwidwa ndi cisoni cacikulu poona kuti nzeru za anthu ophunzira zapha anthu wamba miyandamiyanda. Kumapeto kwa 1946 mmisiri wa kampani ina yopanga ndeke anawalembera kalata kupempha zolemba zao za nthawi ya nkhondo, kuti zimthandize kupanga zida zouluka zodzilondolera zokha. Iwo anakana, ndipo kalata yao yokana inasindikizidwa m'magazini ya Atlantic Monthly mu January 1947. Anafotokoza kuti wopereka nzeru sangasambe m'manja pa zimene nzeruzo zikacita, ndipo analengeza kuti sadzathandizanso nchito zopanga zida. Ena anawayamika, ena anawayesa wonyada, pakuti ndalama zambiri zofufuzira panthawiyo zinali kucokera ku asilikali.

Nkhawa yao yaciwiri inali ya anchito. Anaona kuti monga makina a nthunzi anatsitsa mtengo wa mkono wa munthu, makina atsopano adzatsitsa mtengo wa mutu wa munthu wogwira nchito zobwerezabwereza, monga makalaliki ndi oyang'anira mizere m'mafakitale. Anayerekeza makina otere ndi kapolo wosatopa, wosadya ndi wosalandira malipiro, ndipo anati munthu wopikisana ndi kapolo amakakamizika kulandira moyo wa ukapolo. Mu August 1949 analembera kalata Walter Reuther, mtsogoleri wa bungwe la anchito opanga magalimoto ku America. Anamuuza kuti kampani ina inawapempha uphungu wa makina olowa m'malo mwa anthu ndipo anakana, koma ena adzavomera. Cotero anchito ayenera kukonzekera kukali m'mawa ndi kukhala ndi liu pa kabweredwe ka makinawo. Patapita miyezi awiriwa anakumana ndi kukambirana.

M'zaka zomwezo amuna ambiri a kum'mawa kwa dziko lino anali kusiya akazi ndi minda kupita ku migodi ya mkuwa, ku Wankie ndi ku Joni, kukagulitsa mphamvu za manja ao. Mu 1949 momwemo anchito a ku migodi ya mkuwa anapanga bungwe lao lalikulu lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Funso la a Wiener linali lomwe anchitowo anali kulidziwa bwino: phindu likaculuka, adya ndani?

Mu 1950 analemba buku lina lopanda masamu, loti aliyense awerenge, lochedwa The Human Use of Human Beings. Mfundo yake inali yakuti kupatsa munthu nchito yosafuna nzeru zake, yongomuyesa cidutswa ca makina, ndiko kumnyoza ndi kutaya cuma cacikulu ca dziko.

MAKINA OTHANDIZA OLEMALA

Asaganize munthu kuti a Wiener anali mdani wa makina. Iwo anali kufuna kuti makina apite kumene munthu ali wosowa. Ca m'ma 1950 anayesa kupanga cipangizo cosandutsa mau kukhala kunjenjemera kwa pa zala, kuti ogontha azimva zolankhula kudzera m'khungu. Cipangizoco sicinayende bwino, koma cinatsegula maso a ofufuza ena. Mu 1961 anagwa nathyoka fupa la m'ciuno. Ali cigonere m'cipatala ku Boston anakambirana ndi madotolo za mkono wopanga umene ungamvere timagetsi tocokera m'minofu ya munthu wodulidwa mkono, kuti akafuna kupinda cigongono mkonowo upinde. Nchitoyo inapitirira, ndipo mkono wotere unaonetsedwa kwa anthu mu 1968, iwo atamwalira kale.

Anayendanso m'maiko amene sanali olemera. Anaphunzitsa ku Peking ku China mu 1935 ndi 1936, anakhala nthawi yaitali ku Mexico, ndipo mu 1955 ndi 1956 anali ku Calcutta ku India. Kumeneko analingalira za njira imene dziko losauka lingakhalire ndi mafakitale popanda kudutsa m'masautso amene anchito a ku England anaona pamene mafakitale anali kuyamba.

Monga munthu aliyense, anali ndi zofooka zao. Anali okhumudwa msanga, nthawi zina ogwidwa ndi cisoni cacikulu, ndiponso ofuna kumva kawirikawiri kuti nchito yao ndi yabwino. Ca m'ma 1951 anadula ubwenzi mwadzidzidzi ndi Warren McCulloch ndi Walter Pitts, akatswiri amene mu 1943 anaonetsa ndi masamu mmene timinyewa ta ubongo tingatsanziridwe. Kusamvana kumeneku kunabweza m'mbuyo nchito imene akadacita pamodzi. Pamene ofufuza acinyamata anasonkhana ku Dartmouth mu 1956, pamsonkhano umene unachukitsa dzina lakuti artificial intelligence, a Wiener sanalipo.

DZANJA LA PUSI

Cenjezo lao lalikulu linadza kumapeto kwa moyo wao. Mu 1959 mmisiri wa kampani ya IBM, Arthur Samuel, anafotokoza za kompyuta imene anaiphunzitsa masewera a drafuti, ofananako ndi nsolo pofuna kuwerengeratu zam'tsogolo. Kompyutayo inali kuphunzira pa masewera alionse amene yasewera, mpaka inayamba kugonjetsa mwini wake amene anaipanga. Anthu ambiri anali kudzitonthoza kuti makina sangapose amene anawapanga. A Wiener anaona kuti citonthozo cimeneci catha. Mu 1960 analemba m'magazini ya Science kuti makina ophunzira adzapeza njira zimene owapanga sanaziganize, ndipo popeza ndi aliwiro kuposa munthu, pamene munthu adzazindikira colakwa zinthu zidzakhala zitaonongeka kale.

Pofotokoza zimenezi anali kukonda kukumbutsa nthano ya Cingerezi ya dzanja louma la pusi, imene W. W. Jacobs analemba mu 1902. M'nthanomo mkulu wina apeza cithumwa copatsa munthu ciliconse cimene apempha, ndipo apempha mapaundi 200. M'mawa mwake afika mthenga wa kampani kudzanena kuti mwana wake wamwamuna wagwidwa ndi makina kunchito ndipo wafa, ndi kuti kampani yatumiza cipepeso ca mapaundi 200. Cithumwaco cinapereka cimene mkuluyo ananena, osati cimene mtima wake unali kufuna. A Wiener anati makina oganiza ali otero. Sadziwa zinthu zimene munthu sanazichule cifukwa coziyesa zodziwikiratu. Mai aliyense wopita ku cigayo adziwa zimenezi: cigayo cimagaya cimene wathira, cimanga cabwino kapena cofumbwa, ndipo sicifunsa ngati ufawo ukadyedwa ndi ana.

Motero anaphunzitsa kuti munthu asanapatse makina colinga, ayambe watsimikiza kuti ndico cimene afunadi. Ndipo kuti pali zigamulo, monga za nkhondo ndi za moyo wa munthu, zosayenera kusiyira makina. Anaonjeza kuti coopsa cacikulu ndi anthu okonda kubisala kuseri kwa makina, amene zinthu zikaipa amati si ine, ndi makina. A Samuel anayankha m'magazini yomweyo kuti manthawo anali opitirira, ndipo mtsutso umenewu sunathe mpaka lero. Mu January 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anapatsa a Wiener mendulo yapamwamba ya sayansi ya dziko lao. Patangopita miyezi iwiri anamwalira. Buku lao lomaliza la nkhani zimenezi, God and Golem, Inc., linatuluka caka comweco.

ZIMENE ANALOSERA ZAFIKA

Zabwino zimene anali kuyembekeza zaoneka. Mu 2021 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linavomereza kuti makompyuta azithandiza kuwerenga zithunzi za m'cifuwa pofufuza nthenda ya TB, ndipo njira imeneyi inayesedwako ku Lusaka zaka zam'mbuyo. Ku malo akutali monga Vubwi, kumene odziwa kuwerenga zithunzi zotere ali ocepa, thandizo ili silocepa ai. Cifikire nchembere zandonda zoononga cimanga kumapeto kwa 2016, kwapangidwa njira zakuti mlangizi wa zaulimi ajambule tsamba lodyedwa ndi lamya, ndipo lamyayo imuuze cirombo cimene cabvuta. Mu February 2024 kampani ya KoBold Metals, imene imafufuza miyala ya pansi mothandizidwa ndi nzeru za makina, inalengeza za mkuwa wambiri pa Mingomba ku Chililabombwe. Mu November caka comweco boma la Zambia linatulutsa ndondomeko ya dziko ya kagwiritsidwe nchito ka nzeru zimenezi.

Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Makina omwewo atha kutsanzira mau ndi nkhope ya munthu, kotero kuti mlimi amene wangogulitsa nshawa kapena soya angamve liu longa la mwana wake wa ku Lusaka likupempha ndalama palamya, pamene ndi mbala. Atha kupanga cithunzi ca mfumu kapena mtsogoleri akunena zimene sananene, ndi kudanitsa anthu panthawi ya masankho. Ngongole zina za palamya zimagamulidwa ndi makina, ndipo wokanidwa alibe munthu womfunsa cifukwa cake. Makina oyankha mafunso, amene anafala kuyambira mu 2022, anaphunzira kwambiri kucokera m'zolembedwa za Cingerezi. Za nthaka ya ku Vubwi ndi za Cinyanja adziwa zocepa, komabe amayankha molimba mtima ngakhale pamene alakwa. Ndipo anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu apeza kuti nchito zina za ukalaliki zimene makolo ao anali kuzilakalaka zayamba kucitidwa ndi makina, monga mmene kalata ija ya mu 1949 inanenera.

Pa zonsezi moyo wa a Wiener uli ndi phunziro logwirika. Uphungu wa lamya pa za mankhwala a m'munda kapena a m'thupi uyenera kupita kwa mlangizi kapena kwa namwino usanatsatidwe, pakuti safunsa anadya phula. Uthenga wopempha ndalama uyenera kutsimikizidwa poimbira mwini wake pa nambala yodziwika. Nambala ya cinsinsi ya ndalama za palamya ndi citupa si zopatsa mlendo. Dziko lino lili ndi lamulo locinjiriza mbiri ya munthu aliyense, limene linakhazikitsidwa mu 2021. Ndipo pamene makina agwiritsidwa nchito posankha olandira feteleza, ngongole kapena thandizo la njala, anthu ali ndi ufulu wofunsa pamsonkhano wa m'mudzi kapena wa kopaletivu kuti makinawo anauzidwa kufuna ciani, ndipo akalakwa ayankha ndani.

A Norbert Wiener anaikidwa m'manda ku Sandwich m'cigawo ca New Hampshire, kumene anali kukonda kupumula ndi kukwera mapiri. Panthawi ya moyo wao kompyuta imodzi inali kudzaza cipinda, ndipo ambiri anayesa macenjezo ao ngati mantha a nkhalamba. Mau a akulu akoma akagonera. Munthu amene anaphunzitsa makina kudziongola anatha zaka zake zomaliza akukumbutsa anthu kuti ng'ombe, ngakhale zidziwe mzere cotani, sizisankha munda woti zilime, ndipo mwini khasu sayenera kutaya cigwiriro.